Kumanda a Jim Reeves ku Texas

Kuchoka ku Shreveport, mzinda wa ku Louisiana, kupita ku Carthage, kum'mawa kwa Texas, ndi ulendo wa ola limodzi kapena kuposerako pang'ono pa msewu wa US 79. Mbali zonse ndi mitengo ya paini, apo ndi apo ng'ombe. Mutatsala pang'ono kulowa m'tauni, m'mphepete mwa msewu muli manda a Jim Reeves, woimba nyimbo za country wa ku America, ndipo mukangothamangitsa galimoto mutha kuwapitirira.

Ndinkayembekeza chikhamu, koma ndinapezako banja limodzi lokha la anthu achikulire likujambulitsa. Chiboliboli chake chaima pamwamba pa chipilala, atavala suti bwinobwino, monga ankaonekera pa makava a zimbale. Chapafupi pomwepo anaikapo galu wake, Cheyenne.

Reeves anabadwa mu 1923 ku Galloway, kamudzi ka m'dera lomweli. Poyamba mtima wake unali pa masewero a baseball, koma atavulala mwendo anakalowa ntchito youlutsa mawu pa wayilesi. Ku wayilesi ya KWKH ya ku Shreveport, kumene kunkachitika pulogalamu ya nyimbo ya Louisiana Hayride, n'kumene kuimba kunamutsegukira. Ine ndimakhulupirira kuti ntchito ya pa wayilesiyo ndi imene inamuumba. Anzake ambiri ankaimba mokuwa ndiponso motulutsira mawu m'mphuno, pomwe iye anaphunzira kuyandikira maikolofoni n'kumaimba motsitsa, ngati akukuuza za kukhosi. Mvetserani nyimbo yake ya He'll Have to Go, mumva zimene ndikunena.

Mayi wa m'banja lija anandifunsa kuti ndinamudziwa bwanji woimba wakale chonchi.

“Amayi, kwathu ku Malawi ameneyu si mlendo,” ndinayankha. Ndinawafotokozera za nyimbo zake zauzimu zimene madala athu ankatsegula Lamlungu m'mawa akusita malaya a kutchalitchi. Anadabwa kwambiri, ndipo sankadziwanso kuti mu 1962 Reeves anakaimba ku South Africa, mpaka anajambula nyimbo m'Chiafrikaans ndi kusewera mufilimu ya Kimberley Jim.

Reeves anamwalira pa 31 Julaye 1964, ali ndi zaka 40, ndege imene ankayendetsa yekha itagwa kufupi ndi Nashville kukugwa chimvula. Woimba piyano wake, Dean Manuel, anafera pomwepo.

M'tauni ya Carthage muli nyumba yokumbukira oimba yotchedwa Texas Country Music Hall of Fame, momwe amasungamo zina mwa zinthu zake pamodzi ndi za Tex Ritter, woimba winanso wa m'boma lomweli la Panola. Yambani kumandako m'mawa, chifukwa dzuwa la ku Texas m'chilimwe silisiyana ndi la ku Nsanje.