Tsiku limene ndinaombera m'manja banja lotha

M'chaka cha 2021, banja lathu litakwanitsa zaka zisanu, ndinaganiza zowasangalatsa akunyumba powatengera ku sewero la nyimbo mumzinda wa London, umene tinkakhala nawo pafupi pa nthawiyo. Nditaona kuti kukuonetsedwa sewero la Jason Robert Brown lotchedwa The Last Five Years, ndinangomva mawu oti zaka zisanu, basi ndinagula matikiti osafufuza n'komwe kuti nkhani yake ikuti chiyani. Ndinavala suti ya paukwati wathu, ngakhale inali itayamba kundithina pamimba.

Sewerolo lili ndi anthu awiri okha: Jamie, wolemba mabuku, ndi Cathy, wochita zisudzo yemwe mwayi sukumuyendera. Magetsi atangozimitsidwa, Cathy anayamba kuimba modandaula kuti mwamuna wake wamuthawa. Akunyumba anandiyang'ana cham'mbali, ine n'kuwanong'oneza kuti asadere nkhawa chifukwa ankhoswe afika posachedwa kudzakonza zinthu. Ndinadikira ankhoswewo mpaka khosi kuuma, koma pasiteji sipanaoneke ngakhale malume mmodzi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti awiriwa akufotokoza nkhani imodzi koma moyang'anizana misana. Cathy amayambira pamene banja lathera n'kumabwerera m'mbuyo, pomwe Jamie amayambira tsiku limene anakumana n'kumapita kutsogolo, ndipo amadzapezana kamodzi kokha pakati pa sewero, pa nthawi ya ukwati wawo. Choncho ine poona kuti mkazi wayamba kumwetulira ndipo mwamuna akusangalala, ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti akubwererana. Atagwirana manja n'kuimbira limodzi, ndinadzambatuka pampando, ndikuomba m'manja ngati ndili pachinkhoswe kumudzi, n'kufuula m'Chichewa kuti, "Ndinanena ine kuti akhululukirana!"

M'holo monse munali zii. Mayi wina wachikulire amene anakhala kutsogolo kwathu anatembenuka, n'kutsitsa magalasi ake mpaka pansonga pa mphuno, kenaka n'kundiyeza kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Pokhala pansi mofulumira, batani la jekete lija linathothoka n'kukagwera mizere iwiri kutsogolo, ndipo kulira kwake pogubuduka kunamveka bwino kuposa piyano. Akunyumba anandikoka malaya, akulankhulira m'mano, nati, "Bambo a mwana, khalani chete, uwu ndi ukwati wawo woyamba womwe uja."

Ndinaganiza zoti tithawe pa nthawi yopumira, koma sewero limeneli limatenga pafupifupi ola ndi theka popanda kupumira. Ndinakhala pomwepo, thukuta lili kamukamu, ndikuonerera Jamie amene ndinamuombera m'manja uja akudzuka pabedi la mkazi wina, kenaka akusiya kalata yotsanzika. Nthawi yonseyi dzanja la akunyumba, limene poyamba linali m'dzanja langa, linali litabwerera pachikwama chawo.

Pobwerera tinakwera sitima yapansi panthaka osalankhulana. Titadutsa masiteshoni atatu, akunyumba anafunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa mtengo wa tomato, kuti, "Kodi bambo a mwana, pa masewero onse a mumzinda muno, mwasankha limeneli kuti mundiuze chiyani? Zaka zisanu zathuzi mukuziwerenga chopita kutsogolo kapena chobwerera m'mbuyo?" Ine ndinaloza pawindo n'kunena kuti kunja kukuoneka ngati kugwa mvula, nditaiwala kuti tinali pansi panthaka.