Ulendo wa ku Mangochi, ndi nkhani ya nkhuku zija

Tinanyamuka ku Balaka Loweruka mbandakucha, a Shehe ndi Abusa kutsogolo, enafe kumbuyo zikwama zili pamiyendo. A Sekeletale anachedwa, koma zimenezo si zachilendo.

Zinthu zinavuta titafika pa Ulongwe. Amayi Msungichuma anavundukula beseni kuti tione kamba wa masana: nkhuku zitatu zokazinga, mafuta ali noninoni, fungo minibasi yonse. A Shehe anacheuka n'kufunsa chapansipansi, "Mayi, anazinga ndani?" Tonse zii. Zinapezeka kuti anazinga ndi mdzukulu wawo uja wa kukwaya, chonsecho pamsonkhano tinagwirizana kuti nkhuku zipite zamoyo kwa a Shehe. Amayi akuti anaiwala. A Katekisiti akuti ayi, ankaopa kuti zikapita zitatu zibwerako ziwiri. A Shehe anaseka mpaka kuvula kofiya, koma Amayi sanaseke, ndipo mpaka tikafike sanalankhule ndi munthu.

Abusa ndiwo anadula mlandu: ngati anzathu sadya, tonse sitidya. Anaweruza bwino, ngakhale mimba yanga inali ndi maganizo ena. Nkhukuzo anadyerera dalaivala ndi kondakitala wake, ife n'kusonkherana ya chambo, choti safunsa kuti anazinga ndani. Tinadya m'mphepete mwa Shire, mlatho wa Bakili Muluzi ukuoneka poteropo.

Anzathu a ku Mangochi anatilandira kumzikiti, komwe tinavula nsapato ndipo amayi anafunda mipango, kenako anatiperekeza ku tchalitchi cha Katolika. Anatikumbutsa kuti PAC (Public Affairs Committee, bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana) inayamba mu 1992 muli Akhristu ndi Asilamu omwe, ndiponso kuti ndiyo inathandiza pa mgwirizano wa 2021 wokhudza hijabu m'sukulu za mishoni. Kwawoko banja limodzi limatha kukhala ndi Msilamu ndi Mkhristu, ndiye pamaliro amaphika zoti aliyense adye. Apa tonse tinayang'ana Amayi Msungichuma.

Tikuthokoza a Tcheyamani potijambula pa wotchi ya Queen Victoria ija, ngakhale Abusa mutu sukuoneka. Zikomonso amayi a kumzikiti chifukwa cha thobwa, ndi a Shehe potigawira mandasi awo pobwerera. Amayi Msungichuma akuti amene anatsika ndi beseni lawo abweze lisanafike Lachitatu.