Zikomo kwa inu amene munandinyamula kuchokera ku Swartland mpaka ku Bembeke

Abale anga a kuno ku Bembeke ndi anzanga amene mukadali ku Joni, ndafika bwino, ndipo mwendo uja tsopano ndikuupondera popanda ndodo. Ambiri munangomva kuti ngolo ya thirakitala inandigwera m'munda wa mphesa pa nthawi yokolola mu February. Amene anandigwira dzanja simunawamve, ndiye lero ndiwathokoze pagulu.

Ndiyambe ndi banja limene ndinkaligwirira ntchito kufupi ndi tauni ya Malmesbury, m'dera la Swartland ku South Africa. Munda wawo ndi wa makolo. Agogo a bwana wanga ndi amene anabzala mipesa ya mtundu wa Cinsaut, koma moyo wawo wonse mphesa ankangokatula ku kopaletivi, vinyo wake n'kusakanizidwa ndi wa alimi ena, dzina lawo osaoneka pa botolo. Masiku amenewo bungwe la alimi a mphesa za vinyo lotchedwa KWV, lomwe linayamba mu 1918, ndi limene linkaikira mlimi malire a zokolola. Malirewo atachotsedwa mu 1992, mabanja ambiri anayamba kupanga vinyo wawowawo. Anansi anazula mipesa yakale n'kubzala mitundu ina ya mphesa, Shiraz ndi Cabernet Sauvignon, poti msika unkafuna zimenezo, koma mayi a bwana anakanitsitsa kuti chigawo cha bambo awo chisakhudzidwe. Ena ankawanena kuti akuwononga malo. Ine ndimati anaona patali.

Chigawo chimenecho ndi chimene ndinkasamalira. Mipesa yake siyendetsedwa pa waya, imaima yokha ngati zitsamba, ndipo sithiriridwa chifukwa mizu inazama kale kufuna chinyezi. Podulira mu July ndi August umawerama tsiku lonse m'mphepo yozizira ngati ya kwathu kuno, kusiya maso awiri pa nthambi iliyonse. Imabereka zochepa, koma vinyo wake wofiira ndi wopepuka pakamwa, wonunkhira bwino. Ku South Africa mipesa ikakwana zaka 35, a Old Vine Project amaloleza kuika chidindo pa botolo chosonyeza chaka chimene inabzalidwa. Cinsaut yemweyo amene ankanyozedwa ndi amenenso katswiri wa mphesa Abraham Perold anamukwatitsa ndi mtundu wa Pinot noir ku Stellenbosch mu 1925, n'kubadwa mtundu watsopano wa mphesa wotchedwa Pinotage. Ndimanyadira kuti manja a mwana wa ku Dedza anadulirako mitengo yotere.

Nditavulala, banjali silinanditaye. Anandithamangitsira kuchipatala, malipiro sanandidule, ndipo mayi a bwana aja, ngakhale akuyenda movutika, anabwera okha kudzandizonda. Bwana, mayi, Mulungu akudalitseni. Mphesa zija ndamva kuti munamaliza kukolola bwino, mtima wanga wakhala pansi.

Anyamata a ku Ntcheu, Mangochi ndi Mzimba amene tinkagona nyumba zoyandikana, inu ndiye munasanduka amayi anga. Munkaweruka otopa, komabe nsima inkandipeza pabedi. Munasonkha ndalama ya basi, ndipo mmodzi wa inu anasiya ganyu n'kundiperekeza kudzera ku Beitbridge ndi Tete mpaka pa chipata cha Dedza. Mayina sinditchula chifukwa munandiletsa, koma mukudzidziwa.

Mayi a ana, ndilibe mawu okwanira. Munalima nokha mbatata ya kachewere, fizi ya ana munalipira, ndipo pa foni simunandionetse kuti zinthu zakuthinani. Apongozi anga, a mfumu ndi a mphakati wathu, zikomo chifukwa cha mapemphero, ufa ndi nkhuni zimene munkabweretsa pakhomo pano ine kulibe.

Lamlungu likubwerali tapereka Misa yothokoza, ndipo tikatuluka nonse mufike kunyumba, thobwa lidzakhalapo. Amene munabwereka banja langa ndalama, sindinaiwale. Tikagulitsa mbatata ndiyenda khomo ndi khomo kudzabweza.