Mwadina paddle, giya ikuzengereza: mmene ndimafufuzira vutoli

Galimoto ikabwera ndi dandaulo loti giya imachedwa kulowa munthu akadina paddle, sindithamangira kutsanula oyilo kapena kumasula giyabokosi. Ndimayamba ndafufuza kuti kuchedwako kukuchitikira pati, chifukwa kuchokera pa chala chanu kukafika ku mateyala uthenga umadutsa malo angapo, ndipo malo aliwonse ali ndi mtengo wake wokonzera.

Paddle si ndodo ya giya. Ndi kaswitchi chabe ka kuseri kwa chiwongolero, kolembedwa + kapena −, kokwezera kapena kutsitsira giya. Mukakadina, uthenga umadutsa m'waya wokulungidwa wa mkati mwa chiwongolero, uja amati clock spring, n'kukafika ku kompyuta ya giyabokosi. Kompyutayo imaona liwiro la galimoto, ma rev a injini, mmene mwapondera moto ndi kutentha kwa oyilo. Ikavomera, imatsegula masolenoidi, omwe ndi mavavu a magetsi owongolera oyilo, oyilo n'kudzaza klatchi ya giya yomwe mukufuna kwinaku ina ikumasuka, ndipo injini imachepetsako mphamvu kwa kamphindi kuti pasakhale kugunda. Ndiye kuti inu simusintha giya. Mumapempha, woyankha ndi kompyuta.

Choyamba ndimafuna kudziwa mtundu wa giyabokosi, poti galimoto zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathu sizifanana mkati. Mazda Axela ndi Atenza za SKYACTIV zili ndi otomatiki wamba ya magiya 6, yokhala ndi torque converter, chipangizo chomwe chimalumikiza injini ndi giyabokosi kudzera mu oyilo. Pa mtundu umenewu kudikira pafupifupi theka la sekondi si matenda. Honda Fit RS ndi Subaru za Lineartronic ndi CVT: mulibe magiya enieni, muli lamba wachitsulo kapena tcheni pakati pa mapule awiri, ndipo manambala omwe mumaona pa dashibodi ndi malo omwe kompyuta inangosankha pa mapulewo. Nambala imasintha msanga koma mphamvu imabwera mofewa, chifukwa mapule akuyenera kusuntha kaye. VW Golf ndi Polo za DSG zili ndi maklatchi awiri, imodzi ya magiya 1, 3, 5 (ndi 7 pa za magiya 7), ina ya 2, 4, 6. Kompyuta imakonzeratu giya yomwe ikuganiza kuti muifuna. Ngati mukuthamangitsa galimoto muli mu 4, iyo yakonzeratu 5. Mukadina + imalowa nthawi yomweyo, koma mukadina − iyenera kuchotsa 5 ija n'kulowetsa 3, ndipo apo ndi pamene mumamva kuzengereza. Munthu wosadziwa izi angagulitse galimoto yabwinobwino.

Pa Toyota zambiri pali kanthu kena komwe kamasokoneza anthu. Ndodo ikakhala pa S, nambala ya pa dashibodi siitanthauza giya yomwe muli, koma malire. S4 ndiye kuti galimoto ili ndi ufulu wosankha yokha kuyambira 1 mpaka 4. Mukadina + kupita S5 mukuyenda pang'onopang'ono, palibe chomwe chimachitika, chifukwa mwangoipatsa chilolezo, simunailamule. Ndipo mukapempha giya yotsika liwiro lili lalikulu, imakana n'kulira kabelu kawiri, kuteteza injini kuti ma rev asapyole mzere wofiira. Kukana si kuchedwa. Galimoto zambiri, mukadina paddle ndodo ili pa D, zimakumverani kwakanthawi kenako n'kubwerera zokha ku otomatiki. Choncho poyesa ndimaika ndodo pa M (manyuwo) kapena S.

Ndikatero ndimatenthetsa galimoto. Kuno ku Dedza tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa wa mu June ndi July oyilo amakhala wolimba ngati uchi. Oyilo wozizira amachedwa kudzaza klatchi, komanso kompyuta imazengereza dala mpaka atenthe. Muvi wa kutentha wa pa dashibodi umanena za madzi a injini, osati za oyilo wa giyabokosi, yemwe amatsalira m'mbuyo. Ndimayenda makilomita 15 kapena 20 kaye, mwachitsanzo kuchoka pa boma kulowera ku Bembeke n'kubwerako. Ngati kuchedwa kwatha galimoto itatentha, nkhani yatha pomwepo, ndipo mwini wake sanataye ndalama.

Ngati kukadalipo, ndimayesa ndi foni. Ndimapeza pomwe msewu wa M1 wawongoka, kutali ndi malo odzadza anthu ndi njinga ngati Lizulu, ndipo mnzanga wokhala kumbali amajambula vidiyo yoonetsa chala changa, nambala ya giya ndi muvi wa ma rev pamodzi. Woyendetsa asagwire foni, chonde. Ndimasintha 2 kupita 3, 3 kupita 4, kenako kutsika, katatu katatu, poyamba nditaponda moto pang'ono, kenako theka. Foni ikamajambula zithunzi 30 pa sekondi, zithunzi 15 ndi theka la sekondi. Ndimawerenga kuchokera pomwe chala chadina kufika pomwe muvi wayamba kusuntha.

Vidiyoyi ndi yomwe imandiuza koyambira. Ngati nambala ya pa dashibodi nthawi zina sisintha n'komwe mpaka nditadina kawiri, ndikuyenda pa liwiro loyenera giyayo, ndimakayikira magetsi. Ngati nambala yasintha koma muvi ukutsalira sekondi yathunthu kapena kuposa, vuto lili mu oyilo kapena mkati. Ndipo ngati ma rev akukwera okha pakati pa magiya awiri, injini n'kulira ngati yamasuka, kenako giya n'kulowa mogunda, imeneyo ndi klatchi yomwe ikuterereka kapena presha yochepa. Galimoto yotere musamaikakamize, mukupsereza zomwe zatsala.

Za magetsi ndimayamba ndi batire, chifukwa n'zosavuta. Injini itazima, batire labwino limaonetsa mavoti 12.4 mpaka 12.6, ndipo injini ikulira liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Magetsi ofooka kapena materminolo a dzimbiri amasokoneza masolenoidi, makamaka pa DSG. Kenako ndimaika makina a diagnosis omwe amatha kulowa mu kompyuta ya giyabokosi, osati timakina totchipa tomwe timangowerenga za injini. P0700 imangonena kuti giyabokosi ili ndi dandaulo, pitani mukaone komweko. P0815, P0816 ndi P0826 zikuloza maswitchi okweza ndi otsitsa giya. P0715 ndi P0720 ndi masensa a liwiro lolowa ndi lotuluka, P0711 ndi sensa ya kutentha kwa oyilo, ndipo kuyambira P0750 mpaka P0774 ndi masolenoidi. Ngakhale pasapezeke code, ndimatsegula live data, pomwe makina amaonetsa zomwe kompyuta ikulandira nthawi yomweyo, n'kudina paddle kakhumi ndikupotokola chiwongolero uku ndi uku. Ikaphonya chiwongolero chili pamalo ena ake, ndi clock spring yomwe yayamba kuduka. Nthawi zambiri hutala imaleka kulira kapena nyali ya airbag imayaka. Posintha, chotsani batire kaye n'kudikira mphindi zingapo musanakhudze airbag, mateyala akhale owongoka, ndipo yatsopanoyo ikhale pakatikati, apo ayi iduka pa kona yoyamba. Pa galimoto zomwe ma paddle ake samazungulira limodzi ndi chiwongolero, monga Mitsubishi Outlander, uthenga sudutsa mu clock spring, choncho musaigule pachabe.

Tsopano oyilo, pomwe pamagona mavuto ambiri. Galimoto yobwera kudzera ku Dar es Salaam kapena Durban sibwera ndi umboni woti oyilo wa giyabokosi anasinthidwapo, ndipo mawu oti ndi wamuyaya sayenda ndi zitunda zathu komanso katundu yemwe timanyamula. Ndimadontheza pang'ono pa pepala loyera. Akakhala wakuda, wonunkha kupserera, kapena muli tizitsulo tonyezimira, ndimamuuziratu mwini galimoto kuti oyilo watsopano sangabwezeretse klatchi yomwe yatha. Akakhala wongoderako, ndimasintha.

Mtundu wa oyilo si wongoyerekeza. Toyota zambiri za otomatiki wamba za masiku ano zimafuna WS, Mazda SKYACTIV imafuna FZ yemwe ndi wa buluu, Honda Fit ya CVT kuyambira 2013 imafuna HCF-2, CVT za Nissan zimafuna NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka. Chomwe chimandipweteka mtima ndi kuona Dexron III wofiira, oyilo wa otomatiki wamba, atathiridwa mu CVT chifukwa ndi yemwe anapezeka pa shopu yapafupi. Lamba amayamba kuterereka, mapule n'kukandika, ndipo pamenepo mwagula giyabokosi ina. Ngati oyilo woyenera kulibe ku Dedza kapena ku Ntcheu, bwino galimoto igone masiku awiri mpaka abwere kuchokera ku Lilongwe. DSG ya magiya 6, ya maklatchi onyowa, imafuna oyilo ndi fyuluta pa makilomita 60,000 aliwonse. Ya magiya 7 yotchedwa DQ200 ili ndi maklatchi ouma, ndipo ikayamba kuzengereza ndi kunjenjemera ponyamuka, kawirikawiri ndi maklatchiwo kapena mechatronic, gawo lokhala ndi kompyuta ndi masolenoidi, osati oyilo.

Pa otomatiki wamba, kutsanula kamodzi kumachotsa gawo chabe la oyilo, theka kapena kucheperapo, chifukwa wina amatsalira mu torque converter. Ndimayeza yemwe watuluka m'chigubu cha malita, n'kubwezera wofanana, galimoto n'kuyenda makilomita mazana angapo, kenako n'kubwereza. Kupopa ndi makina mwamphamvu pa giyabokosi yakale sindichita, kumatakasa zinyalala n'kuzilowetsa mu valve body, momwe muli tinjira ta oyilo ndi masolenoidi. Mlingo womaliza ndimauona galimoto ili pamalo osapendekeka, injini ikulira, oyilo ali pa kutentha komwe buku la galimotoyo likunena, nthawi zambiri pakati pa madigiri 35 ndi 50. Ndimawerenga pa makina, osati kukhudza ndi dzanja. Mukayeza atatentha kwambiri, wochuluka amatayika pa pulagi, n'kutsala wosakwana, kuchedwa kuja n'kubwerera.

Ndikamaliza ndimafufuta zomwe kompyuta inazolowera, ngati makina akulola, n'kuyendetsa modekha magiya onse kukwera ndi kutsika kangapo kuti iphunzire presha yatsopano. Masiku oyamba ikhoza kugundako pang'ono. Ndimajambulanso vidiyo pamalo omwe aja n'kufananiza ziwiri zija.

Kachedwa komwe katsala ndi kachibadwa ka galimotoyo, ndipo kamathetsedwa ndi kayendetsedwe. Potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti, ndimaika pa M ndisanayambe kutsetsereka. Ndisanafike pa kona ndimaponda buleki kuti liwiro litsike, ndimadina − kamodzi, ndimadikira injini igwire, ndipo ndikafuna ina ndimadinanso. Kudina katatu mofulumira kumachititsa kuti kompyuta ikane zina, kapena magiya alowe mochedwa muli kale mkati mwa kona, galimoto n'kugwedezeka. Giya 2 kapena 3 imagwira galimoto kuti mabuleki asapse, ngakhale injini yaing'ono ngati ya Fit sigwira mwamphamvu, choncho phazi lisatalikire buleki. Popitirira thiraki pa chitunda pakati pa Ntcheu ndi Lizulu, ndimatsitsa giya ndikadali kumbuyo kwake, ma rev akwere kufika cha m'ma 3,000 kapena 4,000 ngati injini ndi ya petulo, kenako ndione kutsogolo kuti kuli bwino, ndiyatse indiketa, ndituluke giya italowa kale.