Mpando wa agogo wandifikitsa ku nkhalango za ku Indonesia

Loweruka. Mvula inagwa usiku wonse, moti kuno ku Matawale kunali matope okhaokha. Dzuwa litatuluka ndinakweza mpando wa malemu agogo pa kabaza, ulendo wa kwa bambo ena oluka mipando cha ku Mpondabwino, poti pokhalira pake panabooka kalekale.

Bambowo anautembenuza, n'kudula pang'ono ndi mpeni pamene panathyoka. "Mayi, taonani, mkatimu mulibe mphako. Izi si nsungwi zathu ayi. Iyi ndi rattan, yochokera kunja." Podulapo pankaoneka timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri, koma khungu lakunja linali losalala, lonyezimirabe patapita zaka zonsezi. Ndinakondwa kwambiri, chifukwa chomerachi ndimachiphunzitsa m'kalasi, osadziwa kuti ndakhala ndikuchikhalira chikulire changa.

Rattan ndi wa m'banja la migwalangwa, ndipo m'bale wake wapafupi kuno kwathu ndi chiwale. Zipatso za zonse ziwirizi zimakhala ndi mamba. Kusiyana kwake n'kwakuti rattan saima yekha. Amayanga, akukola nthambi za mitengo ikuluikulu ndi minga yake yopindika, kufunafuna dzuwa pamwamba pa nkhalango. Tsinde lake silinenepa ngakhale akalambe, limangotalika, ndipo mitundu ina imapitirira mamita 100. Mitundu yonse ilipo pafupifupi 600, yambiri ili ku Indonesia, Malaysia ndi Philippines. Ku Africa kuno amapezeka m'nkhalango zamvula yambiri za ku Cameroon, Gabon, Nigeria ndi Congo.

Ntchito yodula ndi yowawa. Munthu amadula tsinde m'munsi, n'kulikoka ndi manja kuti litsike kuchokera m'mitengo, minga ikumulasa. Akachotsa makoko amingawo amaliumitsa padzuwa, ndipo matsinde akuluakulu amayamba awawiritsa m'mafuta kuti asawole kapena kufumbwa. Khungu amalisenda kukhala timizere tolukira pokhalira, tsinde lathunthu amalipinda ndi moto kapena nthunzi. Nditawafotokozera zimenezi bambo aja anagwedeza mutu, amvekere, "Nchifukwa chake miyendoyi ilibe cholumikiza." Anali ataona kale kuti tsinde limodzi lomwelo lachoka pansi, lapinda, lakathera kumsana.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti rattan amafuna mtengo woti akwere. Mitengo ikatha, nayenso watha. Anthu amene amadya za rattan ali ndi chifukwa chosiyira nkhalango ili chiimire, poti ndalama yawo imapachikika m'mitengo yamoyo. Boma la Indonesia, dziko lomwe limatulutsa rattan wochuluka kuposa onse, linaletsa mu 2011 kugulitsa kunja rattan wosakonza, kuti mipando izipangidwa konko, ntchito izikhalira eni ake a ku Cirebon ndi madera ena. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino. Oluka athu luso ali nalo, mipando ya nsungwi ya ku Malawi imagulidwa mpaka kunja, koma za komwe nsungwizo zichokere mawa sitimakamba kawirikawiri.

Bambowo anandiuza kuti masiku ano amachita kuitanitsa nsungwi kutali, ndipo zambiri zimabwera zanthete, zosachedwa kufumbwa. Tikucheza choncho, panadutsa njinga zodzaza matumba a makala. Tonse tinangoziyang'ana.

Tagwirizana kuti aluka pokhalirapo ndi nsungwi zokhwima zong'amba bwino, miyendo ndi kumsana asakhudze. Mtengo sindinanenerere, ntchito ya manja ngati imeneyi siyofunika kuphwanya. Ati ali ndi kadimba m'mbali mwa mtsinje wa Likangala komwe akufuna kudzalako nsungwi zawozawo, vuto ndi mbande. Likulu la kafukufuku wa zankhalango, FRIM, lili mu Zomba mommuno, ndiye Lolemba ndikaweruka kusukulu ndidzera konko kukawafunsira mtundu woyenera ndi kadzalidwe kake, mvula isanathe.