Loweruka la Linux: ku Chikanda inalowa, ku Chinamwali ndinaibweza

Kwatentha kuyambira m'mamawa, ndipo phiri la Zomba likuoneka mwachizimezime chifukwa cha utsi wa moto wolusa. Ndinadzuka n'kupeza mauthenga a mwana wa achemwali anga, amene ali chaka chachinayi ku Chanco ndipo akuchita lendi ku Chikanda. Akuti laputopu yake ikuchedwa kwambiri, akaiyatsa amatha kukatunga madzi n'kubwerako isanamalize kudzuka, pomwe lipoti la kafukufuku wake likufunika kwa aphunzitsi ake posachedwapa. Ndinaponya mafulashi anga m'chikwama n'kukwera kabaza.

Laputopuyo ndi ya kaunjika, purosesa yake, ubongo wa kompyuta, ndi Intel Core i3 ya m'badwo wachinayi, RAM yake, malo osungira kwakanthawi zimene ikugwira, ndi 4 GB, hadi disiki ndi ija yakale yozungulira. Munali Windows 10 yomuikira mnzake, pakona pa sikirini pakuoneka mawu aja okumbutsa kuti siinalipiridwe. Windows 10 tsopano ili ngati nyumba yosafoleredwanso: Microsoft inasiya kuitumizira zotseka mipata ya chitetezo pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa chaka chowonjezera. Windows 11 nayo siingalowe m'makina amenewa mwa njira yoyenera, chifukwa imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 ndiponso, kwa Intel, purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Anyamata a m'tauni amadziwa kuikankhira mokakamiza, koma pa RAM ya 4 GB imangokwawa. Kugula laputopu ina ndiye nkhani yosayamba n'komwe, fizi ndi lendi zikuvuta kale. Choncho ndinaganiza zomuikira Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta imene imagwira ntchito m'malo mwa Windows.

Tisanakhudze chilichonse ndinati tisamutse kaye mafayilo ake. Apa m'pamene anandipatsa fulashi yake nkhope ili gwa.

"Ankolo, iyi musavutike nayo. Ndinakapulinta nayo dzana, pobwerako zonse zathawa, kwatsala tizithunzi ta mivi tokhatokha."

Vairasi imeneyi aliyense wopulinta m'mashopu amaidziwa. Siifufuta mafayilo, imangowabisa, n'kuika timivi tonamizira m'malo mwake, ndipo ukangodina kamodzi yalowa m'kompyuta yako. Ndinayatsa laputopuyo kudzera pa fulashi yanga ya Linux Mint, osaika kanthu m'hadi disiki, chifukwa Linux imalola kuiyesa kaye ili pa fulashi pomwepo. Titabaya fulashi yake, mafoda onse anaonekera, ngakhale foda ija yopanda dzina imene vairasi inaunjikamo machaputala ake atatu. Pambali pake panali kafayilo ka vairasiyo kali phee, kopanda chochita, popeza kanalembedwera Windows. Ndinakafufuta pamodzi ndi timivi tonse. Mtsikanayu anaomba m'manja n'kuitana mnzake wa chipinda china kuti abweretsenso yake. Kwa wophunzira wa kuno, amene fulashi yake imalowa m'makompyuta osawerengeka pa sabata, ubwino uwu wokha ndi waukulu. Sindikunena kuti Linux siingagwidwe ndi choipa chilichonse, koma zambiri zoyenda pa mafulashi athu sizimera pamenepo.

Mnzake uja ndi amene anafunsa funso limene ndimalikonda: "Nanga ikakhala yaulere, si yakuba imeneyo?" Ndinawafotokozera mwachidule kwinaku makina akukopera. Mtima wa Linux anauyamba Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland, ndipo uli pansi pa chilolezo cha GPL, chimene chimanena poyera kuti munthu ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito, wokopera, wosintha ndi wogawira anzake. Mu 1993 kunabwera mtundu wa Linux wotchedwa Debian, mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa Ubuntu pomanga pa Debian yomweyo, ndipo mu 2006 kunabadwa Linux Mint, imene imamangidwa pa Ubuntu. Choncho fulashi yangayi ndikhoza kuikopera Chikanda yonse popanda wondiloza chala. Izi kwa ine si zazing'ono. Takhala tikuzolowetsa ana athu kuti pulogalamu iliyonse imabwera ndi kafayilo kothyolera loko, ndipo timafayilo timeneti n'timene nthawi zambiri timabwera ndi matenda.

Ndinasankha Mint 22 ya maonekedwe otchedwa Xfce, chifukwa ndi yopepuka kuposa ya maonekedwe ena otchedwa Cinnamon, ndipo idzalandira zokonza mpaka 2029. Kuikako sikunatenge nthawi. Itadzuka koyamba, menyu ili pansi kumanzere monga anazolowera, Firefox yotsegulira intaneti ndi LibreOffice yolembera zikalata zili kale m'katimo, fani imene inkalira tsiku lonse yakhala chete. Anatsegula chikalata chake cha masamba ambiri pamodzi ndi mabuku a PDF, makina osadandaula. Intaneti yokha ndiyo siisankha: ukatsegula masamba ambiri pa Firefox, 4 GB imathabe, kaya ndi Linux kaya ndi Windows.

Kenako zovuta zinayamba kutulukira chimodzichimodzi. Wifi siinaoneke. Makadi ena a wifi amafuna dalaivala, kapulogalamu koyendetsa chipangizocho, imene eni ake sanaitsegule poyera, ndiye siimalowa yokha. Mwayi wake Mint ili ndi Driver Manager, imene imatha kutenga dalaivala yotere pa fulashi yoikira ija, ndipo titayatsanso laputopu netiweki inabwera. Ine ndinadziwa kopita. Iye akanakhala yekha akanangoona kuti Linux ilibe wifi, n'kubwerera kwa mnzake wa Windows uja tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi data, ndipo apa ndiyenera kukhalapo pang'ono chifukwa amene amalemba zotamanda Linux kunja saiganizira nkhaniyi. Fayilo yoikira yokha ndi pafupifupi 3 GB. Ukamaliza kuika, pamabwera mndandanda wa zokonza zimene zatuluka chitulukire mtunduwo, ndipo nazo zimadya bandulo ndithu. Koma chachikulu ndi chakuti chikhalidwe chathu chopatsirana mapulogalamu pa fulashi sichigwira bwino kuno. Pa Windows, wina akatsitsa pulogalamu kamodzi, hositelo yonse yapeza. Pa Linux pulogalamu imatengedwa ku nkhokwe ya pa intaneti, ndipo imodzi imakoka tizidutswa tina timene ikudalira, kotero kukopera fayilo imodzi kwa mnzako kawirikawiri sikukwanira. Njira zozembera zilipo, koma si za munthu woyamba kumene. Ubwino wake ndi woti nkhokweyo ndi yodalirika, sukhala ukusakasaka m'masamba okayikitsa, ndiponso Update Manager, yobweretsa zokonzazo, siidzitsitsira yokha zinthu usanaiuze, kapena kuzimitsa makina uli pakati pa ntchito. Tinagwirizana kuti zokonzazo azikatsitsira pa wifi ya kusukulu, bandulo ya pafoni isungike.

Chachitatu ndicho chinandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa chikukhudza digiri yake. Tinatsegula chaputala chachiwiri mu LibreOffice Writer. Mawu onse analipo, mitu ili m'malo mwake, koma tebulo lina lalikulu linadumphira tsamba lotsatira, manambala a masamba a m'ndandanda wa zam'katimu n'kusokonekera. Gwero lake nthawi zambiri ndi zilembo. Iye analemba ndi Calibri, imene ndi ya Microsoft ndipo siibwera ndi Linux. Pali zilembo zaulere zotchedwa Carlito zimene zinapangidwa ndi muyeso wofanana ndi Calibri, monganso Liberation Serif ilili kwa Times New Roman, ndipo titaika Carlito tebulo lija linabwerera pamalo pake. Komabe ndinamuuza mosabisa kuti fayilo ya Word ikamayenda uku ndi uku, kwa aphunzitsi ake n'kubwerera ndi ndemanga zawo m'mbali, pena ndi pena padzasuntha. Ndemangazo LibreOffice imazionetsa, ndipo imasunga mu docx, koma asanapereke chomaliza ayenera kuchiona pa kompyuta ya Word. Chopita kukapulinta chokha azichisandutsa PDF, chifukwa imeneyo siisintha kulikonse.

"Nanga SPSS, ankolo? Aphunzitsi athu amafuna matebulo a SPSS."

SPSS ndi pulogalamu yosanthulira ziwerengero za kafukufuku. M'malo mwake ndinamuikira PSPP, imene imatsegula mafayilo a SPSS ndipo maonekedwe ake ndi ofananako. Pa zimene iye akuchita, kuwerenga mayankho a mafunso, matebulo opingasa ndi chi-square, ikukwanira. Koma siichita zonse zimene SPSS imachita, ndipo akakakamira pena, m'kalasi mwake mulibe amene angamuthandize, chifukwa onse akuona sikirini ina. Apa m'pamene pagona kufooka kwenikweni kwa Linux kuno ku Zomba. Makinawo alibe vuto lalikulu, vuto ndi kusowa anzako. Thandizo lilipo lochuluka pa intaneti, koma lili m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo kawirikawiri limakuuza kuti ulembe malamulo pa kasikirini kakuda kolamulira kompyuta ndi mawu okha, zimene zimaopsa munthu wosazolowera. Wophunzira mapu ali ndi mwayi chifukwa QGIS ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa Linux, wa masamu ali ndi pulogalamu ya R. Koma wofuna AutoCAD, ArcGIS Pro kapena Photoshop ndimamuuza kuti asayerekeze, mapulogalamu amenewa alibe mtundu wa Linux.

Tinapita limodzi kukayesa kupulinta masamba awiri pa shopu ina. PDF inatuluka bwinobwino. Mnyamata wa pashopupo ataona laputopu anafunsa kuti ndi Windows yanji imeneyi, ndipo nditamuuza anati ikadzavuta iye saigwira. Sindinamuone cholakwa. Amakonza zimene makasitomala ake amabwera nazo.

Ndinadya tchipisi pafupi ndi msika n'kukwera minibasi ya ku Chinamwali, kumene aphunzitsi anga akale a ku pulayimale, amene anapuma ntchito, anandiitana sabata yatha. Ali ndi kompyuta ya padesiki imene amatayipira maminitsi a kumpingo, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, ndi makalata a anthu a m'dera lawo, n'kumapezako kangachepe. Anamva kwa wina kuti Windows yawo yatha ntchito ndipo anali ndi mantha kuti tsiku lina idzangozima.

Ndinawayatsira Mint pa fulashi kuti aione. Anaikonda, makamaka nditawaonetsa kalembedwe ka ŵ. Iwo ndi a m'badwo umene sulola kulemba Malaŵi popanda kachipewa pamwamba pa w, ndipo zaka zonsezi akhala akukopera chilembochi ku chikalata china n'kumachimata. Pa Linux umasankha batani limodzi kukhala lophatikizira zilembo, ukalidina n'kudina kachipewa kenako w, ŵ yatuluka. Anayesa okha kangapo, akumwetulira.

"Mwana wanga, izi ndiye zanzeru. Tayesa pulintayo tione."

Pulinta ndiyo inatigwetsa. Ndi ya leza, yakale koma yolimba, ya mtundu uja umene ntchito yonse yokonza tsamba imachitikira m'dalaivala ya pakompyuta. Mapulinta ambiri a masiku ano Linux imawazindikira ukangobaya chingwe, osafuna CD, ndipo ambiri a HP ali ndi madalaivala otseguka. Koma iyi inaoneka dzina lokha, tsamba likatumizidwa palibe chotuluka. Ndinayesa zimene ndikudziwa mpaka dzuwa linapendeka, ndipo ngakhale ikanatheka lero, ndikudziwa kuti madalaivala otere amatha kusiyanso kugwira pakabwera zokonza zatsopano. Munthu amene anthu amamugogodera usiku kuti pulogalamu ya maliro ikufunika m'mawa sangadalire chinthu chotero.

"Aphunzitsi, kwa inu ndikuona kuti tisasinthe," ndinatero. Ndinawafotokozera kuti Windows yawo siizima chifukwa choti Microsoft inaisiya, chimene chatha ndi zotseka mipata ya chitetezo, ndipo choopsa chachikulu chimadzera pa intaneti ndi pa mafulashi. Kompyuta yawo siilumikizidwa ku intaneti n'komwe. Tinagwirizana kuti ikhale choncho, mafulashi a anthu asamalowe mwachisawawa, ndipo ndinawakopera mafayilo awo onse pa fulashi yatsopano yoti izikhala m'kabati. Ndinawaikiranso njira yachidule ya ŵ mu Word momwemo. Amayi anandipatsa nthochi za m'munda mwawo, anakana zoti ndibwerere chimanjamanja.

Pofika kunyumba magetsi anali atathima, ndiye ndikulemba izi pa batire. Uthenga wabwera kuchokera ku Chikanda: laputopu ikuyenda, wamaliza kukonza chaputala chachitatu, koma akufunsa kuti WhatsApp aipeza pati. Ndamuyankha kuti atsegule WhatsApp Web pa Firefox, chifukwa ya pakompyuta yochokera kwa eni ake ilipo ya Windows ndi Mac basi. Wanenanso kuti anzake awiri akufuna kuwaikira. Ndamuuza kuti ayambe wawafunsa maphunziro amene akuchita ndi mapulogalamu amene aphunzitsi awo amafuna, ndipo Lachitatu madzulo abwere nawo onse pamodzi, kuti ndikamaika aziona okha ndi kugwira okha, makamaka Driver Manager ndi Timeshift yobwezera makina m'mbuyo zikasokonekera.