Loko wa pa browser sananditsimikizire kanthu, ndinakafunsa seva yeniyeniyo

Masabata awiri apitawa ndakhala ndikulimbana ndi chinthu chimodzi basi, openssl s_client, komandi yoyesera mmene seva ikubisira kulumikiza ndi satifiketi yomwe ikupereka, nde ndati ndilembe zomwe ndagwirapo ndisanaiwale. Madzulo ndimaphunzira za manetiweki pa koleji ina mtauni muno mu Harare, masana ndimathandiza pa kashopu kokonza makompyuta, koma kumapeto a sabata ndine amene ndimasamala kawebusaiti ka bungwe lathu la maliro ku Mufakose, lija anayambitsa azigogo athu ochokera ku Malawi kuti munthu akatisiya pasamasowe bokosi ndi ufa. Kawebusaitiko nkophweka, mamembala amalowa kuona ngati chopereka chawo cha mwezi chalembedwa, basi. Koma mmenemo muli maina a anthu, manambala a foni, ndi ndalama zomwe aliyense waponya, nde ine sindikatenga ngati kamasewera.

Loweruka lina amalume anandiimbira, iwowo ndi msungichuma wa bungweli. Akuti mphwanga, chinthu chako chija chikukana, foni ikunena kuti malowa ndi osatetezeka. Ine kutsegula pa laputopu, Firefox ikuonetsa loko wake bwinobwino, Chrome nayo osadandaula olo pang'ono. Ndinawayankha kuti amalume vuto ndi foni yanuyo, yakalamba. Anangoti chabwino, koma mawu awo ndinawamva kuti sanakhutire, ndipo usiku wonse zinandivuta mumtima chifukwa ngati msungichuma sakukhulupirira malo olembapo ndalama, ndani winanso angawakhulupirire.

Lolemba ndinawafotokozera achimwene amene ndimagwira nawo ntchito, akhala pa zimenezi zaka zambiri. Anati iwe usamafunse browser, browser imabisa zambiri, funsa seva yeniyeniyo. Nkundilembera papepala:

openssl s_client -connect dzina-la-seva:443 -showcerts

Zomwe zinatuluka zinadzadza sikirini yonse, poyamba ndinangoti kakasi. Koma anandionetsa malo awiri okha oyang'ana. Pamwamba pali mutu wakuti Certificate chain, pamenepo satifiketi iliyonse (chikalata chotsimikizira kuti seva ndi yeniyeni) yomwe seva yatumiza imalembedwa ndi nambala kuyambira 0, mzere wa s: ukunena mwini wake, mzere wa i: ukunena amene anaisainira. Kwa ife panali 0 yekha, palibe 1. Ndiye pansi penipeni, Verify return code: 21 (unable to verify the first certificate). Kuyesanso ndi curl, komandi ina yotsegulira webusaiti popanda browser, nayo inakana ndi error 60.

Apa mpamene ndinamvetsa chinthu chomwe mkalasi ndinkangoloweza. Satifiketi siimayenda yokha. Ya webusaiti yathu inasainidwa ndi satifiketi ina yapakati ya Let's Encrypt, bungwe lomwe limapereka masatifiketi, yapakatiyo inasainidwa ndi yaikulu yotchedwa ISRG Root X1, ndipo yaikuluyo ndi imene foni kapena kompyuta imakhala ikuidziwa kale. Zili ngati mlendo wofika pamudzi, sangangonena dzina lake basi, amanena kuti ndine mwana wa uje, mdzukulu wa uje, mpaka atatchula munthu amene amfumu akumudziwa. Seva yathu imangotchula dzina lake nkukhala chete. Chifukwa chake chinali ine ndemwe, posamutsa webusaiti mwezi watha mu nginx, pulogalamu yoyendetsa webusaiti pa seva, ndinaloza ssl_certificate ku cert.pem mmalo mwa fullchain.pem, mafailo onsewa certbot, pulogalamu yotengera satifiketi ku Let's Encrypt, amawaika mufoda imodzi ndipo maina ake ngofanana. Nanga bwanji laputopu yanga imatsegula? Chifukwa ma browser akuluakulu amakuthandiza mwakachetechete, Chrome imatha kukatenga yokha satifiketi yosowayo potsata adiresi yolembedwa mkati mwa satifiketi, Firefox imabwera itasunga kale zapakati zambiri. Browser yomwe inabwera ndi foni ya amalume siinachite zimenezo, inangonena zoona zomwe yaona. Ndinasintha mzere umodzi, kupanga reload, kuyesanso, 0 ndi 1 zonse zinaoneka, Verify return code: 0 (ok). Ndinawaimbira amalume nthawi yomweyo nkupepesa, chifukwa foni yawo inalibe mlandu.

Chomwe chandikhala kwambiri mmutu ndi ichi, s_client ikapeza kuti satifiketi ndi yolakwika siimaima. Imalemba dandaulo lake penapake pakati pa mizere yambirimbiri ija nkupitiriza kulumikiza ngati palibe chachitika, umaona CONNECTED, umaona cipher, umaona TLSv1.3, ndipo ngati uli pachangu ukhoza kutseka nkumati zonse zili bwino. Anaipanga dala choncho chifukwa ndi chida choyesera, imafuna ikuonetse zonse olo zitakhala zowonongeka. Ukafuna kuti idule kulumikizako pakakhala vuto uyenera kuwonjezera -verify_return_error. Ndipo pali china chobisika kuposa apa, payokha siiona ngati dzina la pa satifiketi likugwirizana ndi dzina lomwe walemba. Satifiketi ya webusaiti ina yake, bola ikhale yosainidwa bwino, ikupatsa 0 (ok). Uyenera kuiuza wekha ndi -verify_hostname dzina-la-seva, ndiye dzina likasiyana mpamene umaona code 62, hostname mismatch. Ine ndikuona kuti aliyense wophunzira chidachi azimuuza zimenezi tsiku loyamba lomwe, asanamuuze china chilichonse, chifukwa 0 uja amakhazika mtima pansi msanga kwambiri.

Manambala enawo ndawalemba pachikuto cha kope langa. 10 ndi satifiketi yotha nthawi, 18 ndi yodzisainira yokha, 19 ndi yodzisainira yokha koma ili mkati mwa mndandanda, 20 ndi pamene yosainira siikupezeka. Pa 20 pamafunika kusamala chifukwa nthawi zina vuto limakhala la kompyuta yako, ilibe masatifiketi akuluakulu aja kapena openssl ikuyang'ana foda yolakwika, nde umaiuza ndi -CAfile kapena -CApath komwe ali.

Nambala 9 ndinakumana nayo mmaso ndi mmaso Lachinayi. Magetsi anazima kuyambira mmawa, atabwera madzulo ndinayatsa kakompyuta kakale kapashopu komwe ndimayeserapo zinthu, kuyesa seva yathu ija, certificate is not yet valid. Mtima unagunda, ndimaganiza kuti ndaononganso china. Achimwene osayang'ana nkomwe sikirini anangoti lemba date. Kompyutayo imati tili zaka zambiri mmbuyo, kabatire kozungulira ka pa motherboard kanatha kalekale ndiye magetsi akangozima wotchi imabwerera. Satifiketi ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo amene amaweruza ndi wotchi ya makina ako, osati ya seva. Kuno kwathu komwe magetsi amapita maola ambiri chimenechi sichachilendo, makasitomala angapo amene amabwera akuti intaneti yonse ikukana vuto limakhala lomweli, batire la ndalama zochepa.

Za masiku, komandi yomwe ndikuigwiritsa ntchito kwambiri pano ndi iyi:

openssl s_client -connect dzina-la-seva:443 </dev/null 2>/dev/null | openssl x509 -noout -dates -subject -issuer

Ka </dev/null ako nkofunika, popanda iko s_client imangokhala kudikira kuti ulembe kanthu. Nthawi ya notBefore ndi notAfter imalembedwa mu GMT, ife kuno ku Harare, chimodzimodzi ku Lilongwe, timawonjezera maola 2. Satifiketi yathu ndi ya masiku 90, certbot amaikonzanso yekha koma ndaona kale mmene chinthu chingaonongekere osadziwa, nde ndaika kascript kogwiritsa -checkend 604800, amenewo ndi masekondi a masiku 7, kuti kazinditumizira uthenga ikatsala sabata.

-servername ndinaimvetsa mochedwerapo. Seva imodzi, adiresi ya IP imodzi, imatha kusunga mawebusaiti ambirimbiri, nde poyamba penipeni pa kulumikiza kasitomala amayenera kunena dzina lomwe akufuna kuti seva isankhe satifiketi yoyenera, chimenecho ndiye SNI. Kuyambira OpenSSL 1.1.1 ya mu 2018 dzina lomwe walemba pa -connect limatumizidwa lokha, koma zakale sizinkatero, nchifukwa chake malangizo ambiri akale amaumirira kuti uilembe. Pomwe imagwirabe ntchito kwambiri ndi pamene ukuyesa seva yatsopano usanasinthe DNS, yomwe imalozetsa dzina la webusaiti ku IP, pa -connect umaika IP, pa -servername umaika dzina lenileni, ndiye umaona zomwe anthu adzaone mawa. Ndikanadziwa izi mwezi watha amalume sakanavutika. Ukafuna kuona satifiketi yomwe seva imapereka kwa munthu wosatchula dzina pali -noservername. Komanso musanayambe chilichonse lembani openssl version, mnzanga wa mkalasi ali ndi Mac ndipo yake inayankha LibreSSL, mtundu wina wa chidachi, zosankha zina zomwe ine ndinali nazo iye analibe, tinataya theka la ola tikuganiza kuti akulemba molakwika.

Kenako ma version a TLS, njira yobisira kulumikiza yomwe loko wa pa browser amaimira. Mbiri yake mwachidule, TLS 1.0 ndi ya 1999, 1.1 ya 2006, 1.2 ya 2008, 1.3 ya 2018, ndipo mu 2021 chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 8996 chinanena kuti 1.0 ndi 1.1 zisiyidwe. Kuyesa nkosavuta, -tls1_3, -tls1_2, -tls1_1, -tls1, iliyonse imakakamiza version imodzi yokha, ukawonjezera -brief zotuluka zimakhala mizere yochepa yowerengeka. Koma apanso pali msampha. Nditayesa -tls1_1 zinakana ndipo ndinasangalala kuti seva yathu ndi yolimba, achimwene nkundifunsa kuti wakana ndani, seva kapena laputopu yako? OpenSSL 3 payokha siilola ma version akalewa pokhapokha utatsitsa mulingo wa chitetezo, nde kuti mayesowo akhale oona umawonjezera -cipher 'DEFAULT@SECLEVEL=0'. Nditatero seva inavomera 1.1, kutanthauza kuti khomo linali lotsegula nthawi yonseyi. Ndinakonza ssl_protocols kusiya 1.2 ndi 1.3 zokha. China choti mudziwe, -cipher imakhudza 1.2 kutsika mmunsi, ya 1.3 ndi -ciphersuites, ukasokoneza ziwirizi umangodabwa kuti bwanji palibe chikusintha.

Imelo ndi yomwe inandidyera nthawi yambiri. Pa ma port 443 (ya webusaiti), 465 ndi 993 (za imelo) kubisa kumayamba pompo ukangolumikiza. Koma pa 587 ndi 143 kukambirana kumayamba poyera, kenako mbali ziwirizo zimagwirizana kuti tiyeni tibise, nde ukapita pa 587 ndi komandi wamba umangolandira wrong version number. Pamafunika -starttls smtp, kapena -starttls imap pa 143, ndipo ndi bwino kuwonjezera -crlf kuti mizere izithera mmene seva ya imelo imafunira. Ndinalowa bwinobwino, komandi ya moni ya EHLO inayankha, MAIL FROM ndinalemba, koma nditangolemba RCPT TO, yotchula wolandira imelo, sikirini inati RENEGOTIATING nkuduka. Katatu konse. Ndinakwera kombi ya ku Mufakose ndikuganizabe, mpaka kunyumba nditatsegula tsamba la malangizo, man openssl-s_client, mpamene ndinapeza kuti mzere uliwonse woyamba ndi R wamkulu chidachi chimautenga ngati lamulo lake loyambiranso kukambirana, Q wamkulu ndi lamulo lotuluka. Mankhwala ake ndi -quiet kapena -nocommands, kapena kungolemba rcpt to ndi zilembo zazing'ono poti SMTP siisankha. Tsamba la man limenelo ndi lalitali koma silidya bandulo, lili kale mukompyuta, ndipo ndikanaliwerenga poyamba.

Zilipo zina zomwe ndangozilawa, -alpn h2 kuona ngati seva ikulankhula HTTP/2, -state ndi -msg kuona sitepe iliyonse ya kupatsana moni kuja, -cert ndi -key pamene seva ikufuna kuti nawenso uonetse satifiketi. Nmap, chida chofufuzira manetiweki, ili ndi script ya ssl-enum-ciphers yomwe imayesa zonse kamodzi, koma achimwene anandichenjeza kuti imeneyo uziyesa pa seva yako kapena yomwe mwini wake wakuloleza, chifukwa imagogoda kambirimbiri ndipo kwa mwini seva zimaoneka ngati wakuba akuyesa mawindo. Ndagwirizana nawo, ndikuyesera pa yathu yokha ndi pa ina yomwe ndadzipangira ndi openssl s_server pa laputopu.

Pamsonkhano wa bungwe Lamlungu amalume anatsegula webusaiti pa foni yawo pamaso pa onse, inatseguka, nkuyamba kuwerenga maina a omwe apereka. Koma amayi awiri achikulire anabwera kwa ine pambuyo pake kuti zawo zikukanabe. Kuyang'ana, foni zawo ndi za Android 6, ndipo Android yosafika 7.1.1 siidziwa ISRG Root X1 nkomwe, nde olo seva itatumiza mndandanda wonse foniyo siipeza dzina lomwe ikulidziwa kumapeto kwake. Apa s_client ya pa laputopu yanga ipitiriza kunena 0 (ok) chifukwa ikuweruza ndi masatifiketi a laputopuyo. Firefox imayenda ndi mndandanda wakewake wa masatifiketi akuluakulu osadalira wa foni, nde ndawauza amayiwo kuti Lamlungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi abwere nazo foni, ndidzakhala nditagula bandulo, tidzayese kuwaikira.